Mbale Imene Mayi Sopo Ankatsuka

Kadzira anayamba kutsokomola ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Sichinali chifuwa cha nyengo chimene chimabwera n'kupita chokha. Chinali chouma, chokoka, ndipo mwanayo akathamanga pang'ono pachifuwa pake pankalira ngati chitseko chosowa mafuta. Nyumba yawo inali yomaliza mumsewu wathu, yogundana ndi mpanda wa chigayo cha miyala. Chigayocho chikayamba kugunda m'mawa, fumbi lotuwa linkakwera pamwamba pa mpanda n'kutsikira pakhonde lawo, pazingwe zoyanikira, m'ndowa za madzi, ngakhale m'nsidze za anthu.

Amayi ake a Kadzira timawatchula kuti Mayi Sopo. Ntchito yawo ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu ogwira m'maofesi, ndipo ukhondo wawo ndi wochititsa anzawo manyazi. Ankakolopa khonde katatu pa tsiku. Ukafuna kulowa m'nyumba mwawo unkayamba wadziyang'ana kuphazi. Amuna awo, amene tinkawatchula kuti a Lumo, anali ometa tsitsi. Ankametera pakhonde pomwepo. Anali ndi mpando umodzi wachitsulo, galasi lokhomedwa kukhoma, ndi nsalu yoyera yofunditsa makasitomala imene akazi awo ankaichapa tsiku ndi tsiku. Nawonso ankatsokomola, koma anali ndi luso lomeza chifuwacho mpaka kasitomala atatuluka pageti.

Ine ndimakhala moyang'anizana nawo. Ndinaphunzitsa sukulu zaka zambiri, ndipo nditapuma ndinayamba kulemba nkhani m'nyuzipepala yotuluka mlungu ndi mlungu. Anthu amanditchula kuti Alembi. Ndikunena zimenezi poyambirira kuti mudziwe kuti m'nkhani ino nanenso ndili ndi mlandu wanga.

Tsiku lina Mayi Sopo anabwera kuchokera kuchipatala atamugwira Kadzira padzanja. Ine ndinali pampando wa a Lumo, mutu utametedwa mbali imodzi.

"Akuti chiyani kumeneko, amayi ake mwana?" anafunsa a Lumo.

"Akuti ndi mphumu. Amupatsa kopopera m'kamwa aka. Anesi akuti fumbi likapanda kuchepa, mwanayu chifuwa chake chizingothina. Akuti ngati tingathe tisamuke."

"Tisamukire kuti? Nyumba iyi ndinayamba kumanga chigayo chisanabwere. Asamuke ndi iwowo."

"Nanga inuyo bwanji osapita akakupimeni? Usiku ndi usana mukungokhosomola."

"Ine ndili bwino," anatero a Lumo, n'kuyatsanso makina awo ometera.

Mwezi womwewo anthu a mumsewu wathu tinalemba kalata yodandaula ku khonsolo. Mkulu woona za chilengedwe kumeneko anatilandira bwino, koma anatiuza mosabisa. Anati fumbi lili ndi mlingo wake m'malamulo, ndipo kuti akakamize eni chigayo kuchita chilichonse, pankafunika umboni woti mlingowo wapitirira. "Maso si sikelo," anatero. Analonjeza kupempha a ku yunivesite kuti adzayeze chiphaso cha chigayocho chisanawonjezedwe.

Patapita milungu itatu kunabwera mayi wina wachitsikana, wovala magalasi, atanyamula katoni. Anali katswiri wofufuza za mpweya, ndipo lisanalowe dzuwa ana anali atamupatsa kale dzina loti Mayi Fumbi. Anali munthu wabwino koma wachangu, ngati amene wasiya mphika pamoto. Anasankha nyumba khumi. Pakhonde la nyumba iliyonse anakhoma kathabwa, n'kuikapo mbale yagalasi yakuya, yosavindikira. Anatipatsa fomu ya masamba anayi yolembedwa m'chilankhulo cha kusukulu zapamwamba, ife n'kusaina. Ineyo, mphunzitsi wopuma, ndinasainanso osawerenga, chifukwa magalasi anga anali m'nyumba ndipo ndinachita ulesi.

"Mbale iyi ikhale pomwepa, Amayi," anawauza Mayi Sopo. "Dalaivala wathu azibwera kamodzi pa mwezi, aziivindikira n'kusiya ina. Tichita zimenezi miyezi itatu. Muisamale."

"Musadandaule, Adokotala. Pakhomo pano sipasweka chinthu."

Kenako anatulutsa pepala la mafunso n'kutembenukira kwa a Lumo, amene anali kumeta munthu. "Abambo, pakhomo pano pali amene akuvutika ndi chifuwa?"

A Lumo anayang'ana kasitomala wawo pagalasi. Ndani angapereke mutu wake kwa wometa amene akuganiziridwa chifuwa chachikulu? "Mwana yekha ndiye ali ndi kachimfine," anayankha. "Ife tili bwino."

Mayi Fumbi anachonga pa pepala lake n'kupita kunyumba yotsatira.

Pofika Loweruka mbale ija inali itatuwa ndi fumbi mpaka munthu ukanatha kulembamo dzina ndi chala. Mayi Sopo anaiyang'ana mtima ukuwawa. Munthu wophunzira chotero wakusungitsa chiwiya chake, ndiye adzachipeze chili choncho pakhonde pako? Adzapita kukanena chiyani kwa anzake? Anaitsitsa, anaitsuka ndi sopo, anaipukuta mpaka kuwala, n'kuibwezera pakathabwa. Ndinaona ndi maso anga ndili pakhonde langa. Ndinawayamikiranso.

"Koma ndinu Mayi Sopo ndithu," ndinatero. "Ngakhale za boma mukuzisambitsa."

"Nanga ndichite manyazi chifukwa cha mbale imodzi?" anayankha akuseka.

Mumsewu wathu Mayi Sopo akatsuka chinthu, palibe mayi amene amafuna kutsalira. Loweruka lotsatira mbale zisanu ndi ziwiri mwa khumi zija zinali kung'anima. Zitatu zotsalazo zinali za mabanja a kumtunda, kutali ndi mpanda, amene tinkawanena kuti ndi auve. Dalaivala ankabwera Lachitatu, kuvindikira, kumata nambala, n'kumapita. Sanali wolembedwa ntchito yofunsa mafunso. Choncho kulabu, chipinda choyezera cha ku yunivesite, ankayeza fumbi la masiku anayi poganiza kuti ndi la mwezi wathunthu.

Pamene zimenezi zinkachitika, ine ndinali kulemba. Ndinali ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo umalemba mofulumira. Ndinalemba kuti chigayo chapha anthu khumi mumsewu wathu, kuti ana onse akudwala, kuti mbalame zinasiya kutera pamadenga athu. Anthu anaikonda nkhaniyo. Ankandiimika panjira kundigwira chanza. Koma anthu khumiwo sindinawawerenge. Nambalayo ndinaisankha chifukwa inkamveka bwino.

Tsiku la msonkhano linafika. Tinadzaza chipinda cha khonsolo, chotentha, cha mafani awiri osazungulira. Bwana wa chigayo anabwera atavala suti yotuwa, mtundu womwewo wa fumbi lake. Sanakweze mawu. Anatulutsa nyuzipepala yanga n'kuiyala patebulo.

"Alembi, mwalemba kuti tapha anthu khumi. Tatiuzani mayina awo kuti tikapepese kwa abale awo."

Ndinatchula awiri. Wachitatu ndinayamba kumutchula, koma wina kumbuyo anandikumbutsa kuti ameneyo anagundidwa ndi njinga yamoto. Ndinakhala pansi malaya atanyowa ndi thukuta.

Kenako mkulu woona za chilengedwe anawerenga lipoti la ku yunivesite. Linati fumbi la pamakonde athu linali lochepera mlingo wa m'malamulo. Linatinso akuluakulu odandaula za chifuwa anali ochepa. Kumapeto kwake Mayi Fumbi anali atalemba kuti zotsatirazo zinamudabwitsa, chifukwa nyumba zakutali zinali ndi fumbi lochuluka kuposa zapafupi, ndipo pankafunika kufufuza kwina. Koma mzere umenewo unali patsamba lomaliza, ndipo anthu otanganidwa samafika patsamba lomaliza. Chiphaso cha chigayo chinawonjezedwa ndi chaka china.

Tinabwerera kwathu titagonja. Ena ankati mtsikana wa ku yunivesite wadya za bwana wa chigayo. Ena ankati ndine ndawononga mlandu ndi bodza langa, ndipo awa ankanena zoona. Kwa miyezi iwiri sindinalembe kanthu.

Chilimwe cha chaka chimenecho chinali choipa. Chigayo chinawonjezera malole, ndipo msewu wathu unkafuka tsiku lonse. Kadzira anasiya kupita kusukulu masiku ambiri. Ankakhala pawindo lotseka, kopopera kali m'manja, kuyang'ana anzake akudutsa. A Lumo anafika poti chifuwa sichinkamezekanso. Ankaima pakati pometa, kugwira mpando, n'kutsokomola mpaka misozi. Makasitomala anayamba kuchepa, monga momwe a Lumo ankaopera. Pamene analola kupita kuchipatala, madokotala anajambula pachifuwa n'kunena kuti si chifuwa chachikulu ayi. Anati mapapo awo auma ndi fumbi la miyala la zaka zambiri, ndipo mapapo otero sabwerera.

Ndinkapita kukawaona masana. Anali ataonda mpaka wotchi inkazungulira pamkono.

"Aneba," anandiuza tsiku lina, "mtsikana uja anandifunsa bwinobwino. Ine ndinamunamiza. Ndinkateteza mpando uwo."

"Musadziimbe mlandu. Tonse tinalakwitsa penapake."

"Mpandowo ndi uwo, uli wokha. Koma mwanayu, Aneba. Akutsokomola ngati mmene ndinayambira ine."

A Lumo anamwalira mvula isanagwe. Mayi Sopo analowetsa mpando ndi galasi m'nyumba, anachapa nsalu yoyera ija komaliza, anaisita, n'kuiika m'sutikesi. Sankalira pamaso pa anthu. Ankangokolopa khonde, kanayi, kasanu pa tsiku, ndipo ife oyang'ana tinkamva chisoni kuposa akanalira.

Patatha mwezi umodzi, m'mawa wina, ndinaona Mayi Fumbi akutsika minibasi pakona atanyamula katoni. Panalibe galimoto ya yunivesite, panalibe dalaivala. Anthu anamuyang'ana ndi diso loipa, ndipo mayi wina anatseka geti mwamphamvu. Anafika kwa ine poyamba.

"Alembi, ndikudziwa zimene anthu akunena za ine," anatero. "Sindinadye za munthu. Koma manambala aja sandigonetsa tulo. Sizingatheke kuti nyumba yogundana ndi mpanda ikhale ndi fumbi lochepa kuposa ya kumtunda. Ndayezanso sikelo zathu, zili bwino. Ndaona kumene mphepo imalowera, sizikugwirizana. Ndikufuna kuyambiranso."

Ndinamuperekeza kwa Mayi Sopo. Tinawapeza akusita malaya m'chipinda chochezera, mawindo onse atatsekedwa, m'mphepete mwa chitseko mutatsekedwa ndi nsanza zonyowa. Kadzira anali pamkeka, akupuma mokweza mapewa. Mayi Fumbi anapepesa za maliro, kenako anapempha kuti aikenso mbale pakhonde.

"Ikani, Adokotala," anatero Mayi Sopo mosakweza maso pa simbi. "Kaya zithandiza chiyani. Koma ine mbali yanga ndichita monga kale. Zija simunazipeze zakuda ngakhale kamodzi. Loweruka lililonse ndinkazitsuka."

Mayi Fumbi anaika katoni pansi pang'onopang'ono. "Mwati munkatani, Amayi?"

"Ndinkazitsuka. Munati ndizisamale."

"Inu nokha?"

"Tonse a kumunsi kuno. Kupatula a kumtunda aja, inu mukuwadziwa mmene alili."

Mtsikanayo anakhala pampando wachitsulo uja osakumbukira kuti unali wa ndani. Anavula magalasi n'kuphimba nkhope ndi manja. Atayankhula, mawu ake anali otsika.

"Amayi, mbale ija ntchito yake inali yogwira fumbi. Fumbi limene linkagweramo ndilo tinkayeza pasikelo. Likachuluka, khonsolo ikanakakamiza chigayo kuti chisinthe. Fumbilo ndilo linali umboni wanu."

Simbi inakhala pamalaya a munthu mpaka ndinamva fungo la kupserera. Ndinaichotsa ndine. Mayi Sopo anali ataima chilili, manja ali lende.

"Ndiye kuti ndinkatsuka umboni?"

Anayang'ana manja awo.

"Miyezi itatu, ndi manja angawa. Ndiye kuti bambo ake mwanayu ndawapha ndine ndi sopo wanga."

"Ayi, Amayi." Mayi Fumbi anadzuka n'kuwagwira manja onse awiri. "Mapapo a Abambo anawonongeka zaka zambiri ine ndisanabwere. Lipoti langa silikanawapulumutsa. Ndipo kulakwa kwa mbalezi ndi kwanga. Ndinabwera pakhomo panu, ndinakupatsani masamba anayi m'chilankhulo chimene simuyankhula, ndinakuuzani mawu amodzi okha, kenako ndinatuma dalaivala. Ndinkadziwa zonse za fumbi, koma sindinakhale pansi ngakhale ola limodzi kuti ndidziwe anthu amene fumbilo likuwagwera. Mukanakhala inu mukundisiyira chovala chofunika kuchapa mwapadera, mukanandiuza kawiri."

"Katatu," anatero Mayi Sopo, misozi ikutsika. Aka kanali koyamba kuwaona akulira chimwalirire amuna awo.

"Nanenso ndinakuonani mukutsuka," ndinatero ine. "Ndinakuyamikiraninso. Fomu ndinasaina osawerenga, ine amene ndinkakwapula ana chifukwa chosawerenga funso. Safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli tadya tonse."

Kadzira anatsokomola pamkeka, nthawi yaitali, mpaka amayi ake anagwada kumusisita pamsana. Tonse tinamuyang'ana. Chiphaso cha chigayo chinali ndi miyezi isanu kuti chiwonjezedwenso.

Ulendo uno Mayi Fumbi sanayambe ndi kukhoma timatabwa. Anapempha kalasi pasukulu ya pulayimale ya pafupi n'kuitana msewu wonse Lamlungu masana. Anabwera ndi sikelo yaing'ono, mbale yoyera ndi mbale yafumbi, n'kuyeza zonse ziwiri ife tikuona. Anajambula mapapo pabolodi. Anafotokoza m'chilankhulo chathu, ndipo pamene mawu ankamusowa ankandifunsa ine. Anapepesa pamaso pa onse.

Mafunso anagwa ngati mvula. Wokonza njinga anafunsa kuti lipotilo lidzapita kwa ndani. Wogulitsa makala anafunsa ngati fumbi la makala ake silidzasokoneza, ndipo Mayi Fumbi anati limenelo ndi funso labwino, mbale yake ikhale kuseri kwa nyumba. Mayi wina anati mphaka wake amakonda kugona pakathabwa. Bambo wina anafunsa ngati dzina lake lidzatuluka akanena kuti akutsokomola, chifukwa kuntchito kwake angamuchotse.

"Dzina lanu silidzatuluka," anayankha Mayi Fumbi. "Ndidzalemba nambala. Koma ndiuzeni zoona. Mukanena kuti muli bwino, ine ndimalemba kuti muli bwino, ndipo a khonsolo amawerenga kuti muli bwino. Pepala silidziwa kuti munkangoyankha mwaulemu."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Alembi, manambala anga anthu sawerenga. Nkhani zanu amawerenga. Koma nambala imodzi yabodza imagwetsa zoona zonse zimene zili pambali pake. Tiyeni tiziyenda limodzi. Inu muzilemba zimene anthu akunena, ine ndizilemba zimene sikelo ikunena, ndipo aliyense aziwerenga za mnzake zisanatuluke."

Zinandiwawa kuuzidwa zimenezi ndi mwana amene ndikanatha kumuphunzitsa, koma ndinavomera. Tinayenda khomo ndi khomo. Ndinagula kope latsopano. Aliyense wonena kuti akudwala ndinkamupempha buku lake la kuchipatala, n'kulemba tsiku ndi zimene anesi analemba. Ndinapeza ana khumi ndi anayi a mphumu m'nyumba makumi atatu ndi imodzi. Akuluakulu omwalira ndi matenda a mapapo anali atatu, a Lumo ali wachitatu. Sanali khumi. Koma atatu amenewa ndinkatha kuwatchula mayina, ndipo abale awo anavomera kuti nditero.

Ntchito yovuta kuposa zonse inagwera Mayi Sopo. Anayenera kudutsa pambali pa mbale yakuda tsiku lililonse osaikhudza. Ndinkawaona akukolopa khonde, akafika pansi pa kathabwa n'kutembenuza nkhope. Mlamu wawo wina atabwera kudzacheza anaiona mbaleyo n'kunena kuti, "Mlamu, chisoni chakufooketsani mpaka mbale kufika potere?" Mayi Sopo anangopitiriza kukolopa. Madzulo ake anabwera kwa ine.

"Alembi, manja akundiyabwa. Ndikaiona ndimamva ngati anthu onse akundiseka."

"Aseke. Yatsala miyezi iwiri."

"Ndaganiza chinthu china. Anthu a ku khonsolo aja manambala amawamva, koma sawaona."

M'mawa mwake anatsegula sutikesi, anatulutsa nsalu yoyera ya amuna awo, n'kuiyanika pachingwe cha pakhonde, pamalo enieni pamene mpando unkakhala. Anapempha Mayi Fumbi kuti aijambule tsiku limenelo ndi kulemba deti. Anaisiya pamenepo masiku makumi atatu. Tsiku lililonse inkasintha mtundu iwo akuona, ndipo sanaikhudze.

Pa msonkhano wachiwiri chipinda chinali chomwecho, mafani omwewo. Mayi Fumbi anayamba ndi kunena kuti lipoti lake loyamba linali lolakwika, ndipo anafotokoza chifukwa chake osabisa mbali yake. Sichinthu chapafupi kwa munthu wophunzira kuima pagulu n'kutsutsa pepala lake lomwe. Kenako anawerenga zatsopano. Fumbi la pakhonde la Mayi Sopo linaposa mlingo wa m'malamulo kasanu ndi kamodzi. Bwana wa chigayo anatulutsanso nyuzipepala, ya mlungu umenewo, n'kundifunsa za anthu atatu. Ndinawatchula mmodzimmodzi, ndi masiku amene anamwalira. Bwanayo anayang'ana mapepala ake n'kupinda nyuzipepala ija.

Pomaliza Mayi Sopo anaimirira. Anali atayenda msewu wonse ndi jumbo m'manja, mayi amene sanatulukepo ndi chinthu chakuda pageti lake. Anatulutsa nsalu ija n'kuitambasula patebulo la mkulu woona za chilengedwe, pambali pa chithunzi cha tsiku loyamba. Fumbi linafuka mpaka mlembi wa msonkhano anayetsemula.

"Iyi inali nsalu ya amuna anga," anatero. "Zaka khumi ndi ziwiri ndinkaichapa tsiku lililonse, ndiye palibe amene ankaona. Apa yakhala mwezi umodzi wokha. Iwo anakhala pamalo omwewo zaka zonsezo, ndipo mapapo sachapika. Ndatsala ndi mwana mmodzi. Ndi uyo wakhala apoyo."

Khonsolo inalamula kuti chigayo chiime mpaka eni ake ataika mipope yothira madzi pamiyala, atavindikira malo ogayira, ataphimba malole ndi malona, ndiponso atamanyowetsa msewu. Inalamulanso kuti mbale zikhalebe pamakonde athu chaka chonse, ndipo zotsatira zizimatidwa pakhoma la sukulu kuti aliyense aziwerenga. Sitinavine. Tinatuluka mwakachetechete, chifukwa aliyense ankadziwa kuti zimenezi zikanatheka chaka chapitacho.

Pano papita miyezi isanu ndi itatu. Fumbi silinatheretu, koma zovala zoyera zimauma zili zoyera. Kadzira anabwerera kusukulu. Kopopera kake amayendabe nako m'chikwama, ndipo anesi akuti mwina adzayenda nako moyo wake wonse, koma mwezi wathawu sanakagwiritse ntchito ngakhale kamodzi. Dzulo ndinamuona akuthamangira minibasi ndi anzake. Mayi Fumbi amabwera yekha kudzatenga mbale, ndipo amakhala kaye pansi n'kumwa madzi asanayambe ntchito.

Phunziro la nkhaniyi ndi losavuta, ngakhale ife tinaligula modula. Ofufuza akabwera kwanu, afunseni kuti akuyeza chiyani, chifukwa chiyani, ndipo zotsatira zidzapita kwa ndani. Musasaine chimene simunamve. Auzeni zoona, ndipo aonetseni zinthu mmene zilili, ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Inu ophunzira, fotokozani ntchito yanu m'chilankhulo cha anthu, khalani nawo pansi, ndipo mukalakwitsa bwererani mukakonze. Ife olemba tisawonjezere ngakhale munthu mmodzi pa nambala, chifukwa zoona zowerengedwa bwino n'zokwanira.

Mayi Fumbi anapempha nsalu ija kuti akaonetse ophunzira ake. Mayi Sopo anakana. Anaipinda ndi fumbi lake lomwelo n'kuibwezera m'sutikesi. Ndinawafunsa tsiku lina ngati sadzaichapa.

"Ayi, Alembi," anatero akupitiriza kusita. "Ndinatsuka zokwanira. Iyi idzakhala choncho kuti mwanayu akadzakula adzaone chimene chinatenga bambo ake."